Achemwali, za mawu a azimayi a Chimormoni aja

Achemwali moni, amalume moni, alamu ndi nonse a pagulu pano moni. Uthenga wanu uja ndaumva kawiri, kungoti ndinali ku ntchito ya usiku, ndangofika kumene. Ndijambule mawu, chifukwa nkhaniyi njaitali kuti ndiilembe.

Mwati chiyambireni mwana wathu uja kupita ku mpingo wa a Mormon, wa anyamata a malaya oyera aja ku Blantyre, akamapemphera mawu ake amasintha, amapyapyala ngati akulankhula ndi khanda. Mwatinso mwaona kavidiyo pa TikTok ka mzimayi wa kuno akunena kuti atatuluka mumpingowo mawu ake anatsika n'kukhala ena. Ndiye mukufunsa, poti ine ndikukhala ku Utah, kuno ku America, kuchimake kwawo, kodi n'zoona, ndipo kodi pali chimene amawachita kukhosi.

Choyamba mtima ukhale pansi. Palibe mankhwala, palibe chiwanda, palibe amene amamugwira munthu pakhosi. Koma mawuwo alipodi, makutu anu sakukunamizani. Ine ndimawamva tsiku lililonse, kuntchito, mu sitolo, kwa aneba. Ndi mawu ofewa, okwera m'mwamba pang'ono, otuluka ndi mpweya wambiri ngati munthu akunong'ona koma mokweza, oyenda pang'onopang'ono, ndipo mwini wake amakhala akumwetulira mpaka chiganizo chithe. Ngakhale akukuuzani kuti galimoto yanu mwaimika polakwika, mumamva ngati akukupatsani mphatso.

Eni akewo ali nalo dzina. Amati Primary voice, ena amati Relief Society voice. Primary ndi gulu la ana mumpingo mwawo, ngati Sande sukulu kwathu, linayamba mu 1878 m'tauni ya Farmington, kumpoto pang'ono kwa Salt Lake City, likulu la Utah. Relief Society ndi bungwe la azimayi, ngati Mvano, lomwe linayamba mu 1842 m'tauni ya Nauvoo, kuno ku America, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Emma Smith, mkazi wa Joseph Smith amene anayambitsa mpingowo mu 1830. Ndiye mukamva dzinalo mwamva kale gwero lake. Ndi mawu ophunzitsira ana a zaka 5 kuti apinde manja akhale chete m'kachisi. Chimene chimadabwitsa n'chakuti mzimayi wa zaka 60, wophunzira mpaka ku yunivesite, amawagwiritsabe ntchito akulankhula ndi akuluakulu anzake.

Pamene zimaonekera kwambiri ndi pamsonkhano wawo waukulu. Umachitika kawiri pachaka, mu April ndi mu October, m'chinyumba chachikulu cha mipando 21,000 ku Salt Lake City, ndipo umaulutsidwa padziko lonse. Olankhula ambiri ndi azibambo, azimayi amakhala owerengeka. Tsono kamtsikana kakukula kakuonera zimenezo chaka ndi chaka. Azimayi ochepa amene amafika pa guwa lija onse akulankhula mofanana, mofatsa, mokoma, momwetulira. Palibe amene amakauza kuti uzilankhula chonchi, sizinalembedwe paliponse. Kamangoona kuti mzimayi amene mpingo wamukweza amamveka chonchi, basi, khutu n'kuphunzitsa pakamwa.

Apa ndikufuna mundimvetse bwino, achemwali, chifukwa kwa ine phata lake lili apa. Mumpingowu unsembe ndi wa amuna okha. Mnyamata m'chaka chimene akukwanitsa zaka 12 amadzozedwa, amayamba kugawa mgonero, pomwe mayi ake omubereka sangatero. Bungwe la azimayi lija lili ndi atsogoleri ake, inde, koma amasankhidwa ndi amuna ndipo amayankha kwa amuna. Taganizani kuti mzimayi woyamba kupemphera pamsonkhano waukulu uja anali Jean Stevens, mu April 2013, patadutsa zaka zoposa 180 chiyambireni mpingo. Ndipo amene anakweza mawu anaona zotsatira zake. Sonia Johnson anachotsedwa mumpingo mu 1979 pa nkhani yomenyera ufulu wofanana wa azimayi m'malamulo a America. Kate Kelly, loya amene anayambitsa gulu lopempha kuti azimayi azidzozedwa, anachotsedwa mu 2014. Ndiye munthu amene alibe mphamvu yogamula, koma ali ndi nzeru ndipo akufuna kumvedwa, amatani? Amafewetsa mawu kuti asaoneke ngati akulimbana ndi aliyense. Mawu aja ndi njira yolowera pakhomo lopapatiza.

Palinso chiphunzitso chimene chimathirira. M'Buku la Mormon muli ndime, 3 Nefi 11:29, yonena kuti mzimu wa mikangano suchokera kwa Yesu koma kwa mdyerekezi. Ndimeyo amaikonda kwambiri. Mwana akakula akumva zimenezo, kutsutsa kulikonse, ngakhale koyenera, kumayamba kumveka ngati tchimo. Amaphunzitsanso kuti Mzimu Woyera amalankhula ndi kamawu kapansipansi, monga zinamuchitikira Eliya paphiri paja, choncho kufatsa kwa mawu kumakhala ngati chizindikiro chakuti Mzimu ulipo. Lamulungu loyamba la mwezi amasala kudya, ndipo aliyense wofuna amaimirira kuchitira umboni. Pamenepo mawu amatsika mphamvu, amanjenjemera, misozi ili m'mphepete. Ngakhale azibambo awo ali ndi kalankhulidwe kawo ka paguwa, kozizira, kokoka mawu, kosakuwa ngati alaliki athu. Mwana wathuyo ayenera kuti watengera zimenezo kwa amishonale ndi pa mavidiyo a msonkhano, monga mmene mwana wopita ku mpingo wa Chipentekoste amayambira kupemphera mokuwa pasanathe mwezi.

Tsopano za m'thupi, poti imeneyi ndi mbali yanga, ine wogwira ntchito yosamalira odwala. M'kholingo muli timinofu tiwiri timene timagwedezeka mpweya ukamadutsa. Kwa mzimayi wamkulu timagwedezeka pafupifupi ka 200 pa sekondi, kwa bambo ka 100 ndi kanthu. Koma munthu sabadwa ndi liwu limodzi lokha, ali ndi mpata wokwera ndi kutsika. Mukakweza kholingo, kukoka timinofuto, n'kutisiya tosatsekeka bwino kuti mpweya uzipulumuka, kenako n'kumwetulira, mwapanga kale mawu aja. Mukachita zimenezo zaka 20, minofu ya pakhosi imazolowera, mwini wake saonanso kuti akuchita kanthu. Ena amafika pomva kutopa pakhosi madzulo, mawu kusasa. Ndipo zoti chikhalidwe chimasuntha mawu si nkhani ya a Mormon okha. Ku Australia ofufuza anayerekeza mawu a atsikana ojambulidwa mu 1945 ndi a mu 1993, n'kupeza kuti anatsika, pomwe kapangidwe ka khosi la munthu n'komweko. Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, naye anachita kuphunzira kutsitsa mawu kuti azibambo a ndale azimumvera.

Za kutsika kwa mawu munthu akatuluka, ndaziona ndi maso, kapena ndinene kuti ndazimva ndi makutu. Pali mnzanga amene tagwira naye ntchito zaka zingapo, dzina ndisatchule. Anabadwira momwemo, anapita ku umishonale, ana anayi. Nditangofika kumene, ndinkaganiza kuti amandilankhula choncho chifukwa ndine mlendo, mwina akuona ngati Chingerezi sindimva. Kenako ndinaona kuti amatero ndi aliyense. Atasiya mpingo sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Panapita miyezi yambiri. Usiku wina tinali ndi wodwala amene sanali bwino, ndipo dokotala pafoni ankati tidikire mpaka m'mawa. Ndinangomva kumbuyo kwanga mawu olemera, ochokera pachifuwa, akuti ayi, mubwere tsopano lino. Ndinatembenuka kuti ndione walowa ndani. Anali iyeyo.

Titapuma ndinamuuza. Analira, achemwali. Anati mwana wake wamkazi anamufunsa kunyumba kuti amayi, mwakwiya? Iye asanakwiye n'komwe, kungoti mwanayo anali asanamvepo mayi ake akulankhula osamwetulira. Anandiuzanso kuti akaimbira foni mayi ake omubereka, mawu akale aja amabwerera okha, amangozindikira foni itatha kuti pakhosi pauma. Chimenecho chinandikhudza kwambiri. Kutuluka kuno si nkhani yaing'ono. M'madera ena a Utah, monga ku Provo, aneba, abwana, aphunzitsi a ana ako, onse ndi a mpingo umodzi. Ukatuluka umataya zambiri. Ndipo mawu atsopano aja ena amawamva ngati mwano, amati wauma mtima, Mzimu wamuchokera, pomwe iye akungolankhula ndi khosi lomasuka.

Koma ndisawalakwire anthuwa, chifukwa andichitira zabwino zambiri. Pamene ndinadwala chaka chija, azimayi a Relief Society a m'dera lathu anandibweretsera chakudya sabata yathunthu, ine wosakhala wa mpingo wawo. Kukoma mtima kwawo si kwachiphamaso. Ndipo si onse ali ndi mawu aja. Ndikudziwa azimayi okhulupirika kwambiri amene amalankhula mwamphamvu, makamaka ochokera ku Tonga ndi Samoa, omwe ndi ambiri kuno. Ena m'kati mwa mpingo momwemo amadandaula za Primary voice ndipo safuna kuti ana awo aitengere. Musasokonezenso ndi gulu la mitala la Warren Jeffs, amene ali kundende ku Texas chigamulireni mlandu wake mu 2011 pa milandu yogwirira ana. M'gulu limenelo ndi mmene ankalamula azimayi kuti keep sweet, kutanthauza khala wokoma nthawi zonse, usaonetse kukwiya. Limenelo ndi gulu lopatuka, mpingo waukulu unasiya mitala kalekale, kuyambira 1890, ndipo umachotsa aliyense woichita. Mavidiyo a pa TikTok amasakaniza zonsezi m'mphika umodzi.

Ndipo ifenso tisadziyeretse. Kumbukirani mmene ife tinkasinthira mawu pogwada kupereka madzi kwa alendo, kapena mmene mkamwana amalankhulira ndi apongozi, maso pansi, mawu osamveka bwino. Kusiyana kumene ine ndimaona n'kwakuti kwathu mzimayi yemweyo akadzuka pamenepo n'kupita kumsika kapena ku Mvano, mawu ake onse amabwerera, amalalikira mpaka tchalitchi kugwedezeka. Amavala mawu aulemu ngati chitenje cha pamwamba, n'kuvula. Mnzanga uja sankadziwa n'komwe kuti ali ndi mawu ena pansi pake.

Ndiye za mwana wathuyo, ine sindikuda nkhawa ndi mmene amapempherera. Munthu aliyense ali ndi mawu ake opempherera. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mumumvetsere kunja kwa pemphero. Akamakangana ndi mlongo wake za rimoti, akamanenerera mtengo wa tomato, akamaseka ndi anzake pakhonde, kodi ndi mawu ake aja timawadziwa? Wina akamuuza chinthu chimene sakugwirizana nacho, kodi amathabe kunena kuti ayi, ayi weniweni, osamukulunga m'kumwetulira? Ngati amatha, musiyeni. Ngati mwaona kuti wayamba kupepesa pa chilichonse, kapena akuopa kutsutsa poganiza kuti n'tchimo, pamenepo tikhale naye pansi.

Chonde musamuseke, ndipo achimwene musamuyesezere mawu aja pagulu, chifukwa akangochita manyazi atitsekera chitseko, tisadziwenso zimene zikuchitika mumtima mwake. Achemwali, mumuuze kuti azakhali ake akufuna kucheza naye Loweruka. Ndiimba cha m'ma 10 koloko m'mawa kuno, kwanu kudzakhala kukuda. Ndikufuna ndimumve ndekha. Panopa maso akulemera, ndikagone kaye. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti za mankhwala awo aja ndiwayankha ndikadzuka.