Akuti ndisaine kuti ndasiya ndekha ntchito ya ku jimu

Zikomo Alangizi,

Ndakhala zaka 6 pa jimu ina ndikuphunzitsa anthu kunyamula zitsulo. Mwezi watha kampani yaikulu inagula malowa, n'kuika chitseko chotsegula ndi nambala. Atsikana awiri olandira alendo anawauza kuti ntchito yawo yatha. Ine anandiitana mu ofesi Lachisanu, thaulo lili paphewa, n'kundipatsa pepala lonena kuti ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga. Akuti ndikasaina ndizibwerabe kudzaphunzitsa makasitomala anga, koma ndizilipira lendi mwezi ndi mwezi. Ndisaine?

Wothedwa nzeru

Achimwene,

Cholemberacho bwezani m'thumba kaye. Safunsa adadya phula, mwachita bwino kufunsa.

Kusiya ntchito nokha ndi kuchotsedwa chifukwa kampani yasintha kayendetsedwe ndi zinthu ziwiri. Wochotsedwa m'maiko ambiri amayenera kuuzidwa nthawi ikadalipo ndi kupatsidwa ndalama zomutsanzika nazo, molingana ndi zaka zomwe wagwira. Pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1982, limanena zimenezi kumaiko omwe analivomereza. Koma wosiya yekha kawirikawiri amangonyamula chikwama chake. Ndiye mukuganiza pepalalo analembera kuti lipulumutse ndani? Auzeni akulembereni kalata yonena kuti akuchotsani ndi iwo, chifukwa chake, ndi tsiku. Kalatayo mupite nayo ku ofesi ya zantchito, pamodzi ndi mapepala anu a malipiro.

Si inu nokha. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa majimu, kampani ya 24 Hour Fitness ku America inatsekeratu nthambi zoposa 100, ndipo Gold's Gym inagwa ndi ngongole n'kugulidwa ndi RSG Group ya ku Germany. Majimu otsika mtengo amadya phindu pochepetsa antchito: pakhomo nambala, mphunzitsi adzilipire yekha.

Za lendizo sindikukuletsani, ena zikuwayendera. Koma muzikambirane padera, ndalama zanu zitalowa. Tengani kope muwerenge makasitomala omwe angakulipireni mwachindunji, osati okukwezerani dzanja chabe. Ngati theka lawo silingakwanitse lendi, musalowe. Kumbukirani kuti tsiku lomwe msana wagwira, kapena Januwale akatha anthu n'kuyamba ulesi, lendi ikhala ikukudikirani. Funsaninso za inshulansi: chitsulo chikagwera kasitomala paphazi, alipire ndani?

Atsikana awiri aja muwapeze, mukapite limodzi.

Alangizi