Odumpha ndi parachuti aja ndi asilikali enieni

Achimwene, mwafunsa ngati odumpha m'ndege pa zikondwerero, monga tinkaonera pa Kamuzu Stadium, ndi asilikali kapena ongosangalatsa anthu. Ndi asilikali ndithu, ndipo ine ndimawapatsa ulemu waukulu. Athu kuno ali ku Parachute Battalion ku Salima.

Ku America kuli gulu la asilikali odumpha ndi parachuti la Leap Frogs la ku San Diego, momwe muli ma Navy SEAL, asilikali apadera a gulu lankhondo la pamadzi. Munthu asanakhale SEAL amadutsa maphunziro a BUD/S a masabata 24. Mkati mwake muli Hell Week: masiku asanu ndi theka akunyowa m'madzi ozizira, kusenza bwato pamutu, tulo pafupifupi maola anayi okha sabata yonseyo. Ambiri amagonja pomwepo. Utsi wamitundu mumauona m'mwamba akamadumpha ndi parachuti uja umachokera m'kachitini komangirira kuphazi.