Mfuti ya dzina kapena yotchipa? Yankho kwa achimwene a ku Limpopo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akhala zaka zambiri pa famu ya nyama ku Limpopo, mapepala okhazikika ku Joni ali nawo, ndiye akufuna mfuti yawoyawo yosakira nswala, njiri ndi ngoma. Funso lawo ndi lakuti, agule Tikka yomwe aliyense pa famupo amaitama, kapena Howa yotchipirapo, kapenanso apite kwa gunsmith, katswiri wokonza ndi kupanga mfuti, awamangire yawo?

Achimwene, poyamba nkhani ya mapepala, chifukwa ikukhudza yankho lonse. Lamulo la mfuti la ku South Africa la 2000 limafuna kuti mukhale ndi zaka 21, mukhale nzika kapena wa permanent residence, mupeze competency (satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti), mukhale ndi sefu yosungiramo, kenako layisensi ya mfuti imeneyoyo, yokhala ndi nambala yake. Ndiye mfuti si foni yoti ikakutopetsani mawa mukasinthitsa pa msika ayi. Mukaiyipidwa nayo ndiye kuyambiranso mafomu ku polisi ndi kudikira miyezi. Nchifukwa chake ndikufuna musankhe modekha.

Tsopano za dzina. Ndikupatseni chitsanzo chomwe chinanditsegula maso ineyo. Weatherby ndi dzina lalikulu la ku America, koma Weatherby Vanguard imapangidwa ku Japan ndi kampani ya Howa, mtima wake ndi womwewo wa Howa 1500 yomwe inu mukuikayikira chifukwa chotchipa. Tikka nayonso imapangidwa mu fakitale ya Sako ku Riihimäki, Finland, ndipo Sako ili m'manja mwa Beretta kuyambira 2000. Mukagula Sako mumalipira zambiri pa thabwa lokongola ndi kusalala kwa zitsulo, koma nswala yomwe ili pa mamita 150 siona zimenezo.

Komanso dzina limakalamba. Remington 700 inatuluka 1962 ndipo alenje ambiri anakulira pa iyo, koma mu 2014 kampaniyo inapempha kuti mfuti zambirimbiri zibwezedwe chifukwa cha vuto la trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, kenako inagwa pa ngongole kawiri, 2018 ndi 2020. Munthu wogula chifukwa choti agogo ake ankaitama akugula mbiri ya kale, osati mfuti yomwe ili pa kauntalapo.

Sindikunena kuti dzina ndi lachabe, ayi ndithu. Phindu lake lenileni ndi lakuti magazini yosungira zipolopolo ikasweka mumaipeza, gunsmith wa ku Polokwane amaidziwa mkati mwake, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugulitsa ogula sasowa. Pamenepa Tikka, Howa, CZ ndi Musgrave ya konko zonse zakhoza mayeso. Yomwe ndimakana ine ndi ija yotchipa zedi yoti ngakhale mwini shopu sakudziwa komwe angapeze sipeya yake.

Koma chomwe chimandiwawa mtima ndi ichi, anthu amathera ndalama zonse pa mfuti kenako nkuikapo sikopu (galasi loyang'aniramo polunjika) ya zii ndi tomangira totchipa. Ndinaonapo pa renji, malo oyeserera kuwombera, bambo wina ali ndi mfuti yokongola kwabasi, thabwa lake lonyezimira ngati tebulo la muofesi ya bwana, koma chipolopolo choyamba chagwa kumanzere, chachiwiri m'munsi, chachitatu sitinachione nkomwe pa pepala. Titagwira sikopu ija inali kugwedera pang'ono pansi pa chala, kasikuluwu kamodzi kanali katamasuka. Pa pepala timangokonza basi, koma ku thengo ndiye ngoma yolasidwa m'mimba ikuthawa ndi ululu usiku wonse, inu mukutsatira magazi ndi tochi, ndipo mwini famu akufuna ndalama yake ya nyamayo ngakhale simunaipeze.

Ndiye ineyo ndikanakhala inu, ndikanatenga Howa ya .308 kapena .30-06, chifukwa zipolopolo zake zimapezeka shopu iliyonse ndipo zimakwanira nyama zomwe mwatchulazo, yotsalayo ndikanagulira sikopu yabwino ndi mabokosi angapo a zipolopolo oyeserera mpaka phewa ndi diso zizolowerane. Ngati thumba likulola zonsezi pamodzi ndi Tikka, tengani Tikka, boti yake, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, ndi yofewa ndipo ndi yopepuka kuyenda nayo tsiku lonse padzuwa la ku Limpopo lija. Chachikulu muziike paphewa zonse ziwiri mu shopumo, muone yomwe diso likugwera mu sikopu osavutikira khosi.

Zomangitsa kwa gunsmith zisiyeni kaye. Nthawi zambiri zimadula kuposa yogula yatha kale, mumadikira nthawi yaitali, ndipo pogulitsa simubweza zomwe munalowetsa. Zimenezo ndi za munthu woti waombera zaka nkudziwa chenicheni chomwe mfuti ya mu fakitale ikumumana.

Mwafunsanso za yogwiritsidwapo kale ntchito. Mfuti yakale ya Brno yosamalidwa bwino ndi chuma, koma chotsani boti, muloze ku kuwala, musuzumire mkati mwa mpope. Mukaona timaenje ta dzimbiri kapena mizere yafufutika chakumayambiriro, bwezani ulemu kwa mwini wake nkumapita. Ndipo mumupemphe mukaiyese limodzi ku renji musanasaine pepala lililonse.