Bwanji Pulezidenti sangoimbira foni woweruza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene sindimutchula dzina. Mchimwene wake wakhala pa limandi miyezi isanu ndi inayi, mlandu ukungosunthidwa. Funso lake linali lalifupi: "Kodi Pulezidenti sangalamule kuti amutulutse? Ngati sangathe, tinamusankhiranji?" Ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere.

Achemwali, funso limeneli ndinalifunsapo ine ndemwe. Malume anga, amene anandilera bambo atamwalira, anagwidwa pa mkangano wa malo. Munthu amene ankalimbana nawo anali wodziwika, wa anzake ambiri m'maofesi. Tsiku la mlandu likafika, ati fayilo yasowa. Tsiku lina mboni sizinabwere. Lina woweruza wapita ku msonkhano. Ife timangobwerera kunyumba, malume n'kuwakwezanso galimoto ya ndende. Ndinali mnyamata, magazi akuwira. Ndinang'amba masamba atatu m'kope langa n'kulemba kalata yopita kwa Pulezidenti. Ndinalemba zonse: kuti malume ndi odwala mtima, kuti ana awo asiya sukulu, kuti ife tinamuvotera. Mawu akuti tinamuvotera ndinawadula mzere kunsi kawiri.

Ndinapita nayo kwa aphunzitsi anga akale kuti andikonzere Chingerezi. Anaiwerenga mpaka kumapeto, kuvula magalasi, n'kundifunsa kuti: "Mwana wanga, ngati Pulezidenti angathe kuuza woweruza chochita, angafike kwa iye msanga ndani, iwe kapena uja wawamangitsa malume ako?" Ndinalibe yankho. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo kwa miyezi ingapo ndikawaona ndinkasintha njira. Kalatayo sindinaitumize.

Lero ndikunena mosazengereza kuti aphunzitsi aja ankanena zoona, ndipo zimandinyansa ndikamva anthu ophunzira akufuula pa wailesi kuti "Pulezidenti alowererepo" pa nkhani iliyonse imene ili kukhoti. Tinakhalapo kale ndi Pulezidenti wolowerera paliponse. Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo munthu ankatha kutsekeredwa zaka zambiri osaonekera pamaso pa woweruza. Orton Chirwa, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 limodzi ndi mkazi wake Vera, m'khoti la makolo momwe loya sankaloledwa kuimira munthu. Anafera kundende ya Zomba mu 1992. Amene analemba malamulo aakulu a dziko a 1994 ankakumbukira zimenezi, n'chifukwa chake anamanga manja a mtsogoleri dala. Pulezidenti amasankha Jaji Wamkulu, inde, koma aphungu awiri mwa atatu alionse ayenera kuvomereza. Oweruza ena a makhoti aakulu amawasankha potsatira mayina ochokera ku Judicial Service Commission, bungwe loona za ntchito ya oweruza. Akangowasankha, sangawauze mmene aweruzire mlandu.

Ndipo chingwe chimenechi chagwirapo ntchito ife tikuona. Mu 2002 bilu yochotsa malire a materemu awiri inagwa m'Nyumba ya Malamulo, Bakili Muluzi ali pampando. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, anthu n'kukavotanso mu June. Tangoganizani, achemwali, oweruza amenewo akanakhala anthu olandira foni kuchokera ku nyumba ya boma.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa dzina lakuti pulezidenti limatisokoneza. Ku Germany ndi ku India Pulezidenti alipo, koma ntchito yake yambiri ndi yamwambo, boma limayendetsedwa ndi chansela kapena nduna yaikulu. Ku South Africa anthu savotera Pulezidenti mwachindunji, amasankhidwa ndi aphungu, ndipo mu 2016 khoti linalamula Jacob Zuma kubweza zina mwa ndalama za boma zimene zinalowa pa nyumba yake ku Nkandla. Ku America, Richard Nixon anatula pansi udindo mu 1974 khoti lalikulu litamulamula kupereka matepi amene ankabisa. Imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya ku South Korea: mu December 2024 Yoon Suk Yeol analengeza ulamuliro wa asilikali usiku, aphungu ena anachita kukwera mpanda kuti alowe m'nyumba yawo ya malamulo, n'kukana chilengezocho usiku womwewo. Mu April 2025 khoti linamuchotsa pampando. Mkulu wa asilikali onse, koma osatha kugonjetsa aphungu okwera mpanda!

Nanga tinamusankhiranji?

Osandimva molakwa, mphamvu ali nazo zambiri, mwinanso zoposa muyezo. Ndiye mutu wa dziko ndi wa boma, ndiye mkulu wa asilikali. Amasankha nduna ndi akazembe, amasainira mabilu kuti akhale malamulo, ndipo boma lake ndi limene limakonza bajeti, ngakhale kuti aphungu ndiwo amaivomereza. Bilu akaikana imabwerera kwa aphungu, ndipo akaidutsitsanso ayenera kuisainira. Apa ndiye pamene Pulezidenti akukhudzidwa ndi nkhani ya mchimwene wanu. Ngati makhoti ali ndi oweruza ochepa, ngati apolisi alibe mafuta operekera akaidi kukhoti, ngati maloya a boma akuchepa, limenelo ndi funso la bajeti, ndipo mungathe kumufunsa iye ndi phungu wanu mokweza, popanda manyazi. Zimandipweteka kuti timapempha mtsogoleri chimene malamulo amamuletsa, koma chimene ali nacho udindo timamusiya osamufunsa.

Mphamvu yokhululukira akaidi ilipo, koma ndi ya anthu amene khoti lawapeza kale olakwa, ndipo amaigwiritsa ntchito mofunsana ndi komiti yoona za chikhululukiro. Mchimwene wanu sanaweruzidwe, choncho khomo limenelo si lake.

Chochita ndi ichi. Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa anthu osatha kulipira, ndi nambala ya mlandu komanso tsiku limene anagwidwa, mupemphe loya woti akapemphe belo. Lamulo limaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe pa limandi mlandu usanayambe, choncho loyayo mumufunse ngati malirewo sanapyoledwe kale. Khoti laling'ono likakana belo, nkhani ingathe kupita ku High Court. Tsiku lililonse limene mlandu wasunthidwa muzililemba m'kope, ndi chifukwa chake. Malume anga anatuluka choncho, loya wachitsikana atawerengera woweruza masiku amenewo limodzi ndi limodzi. Anali khumi ndi anayi.