Za kuyabwa kwa khungu kwa apongozi anu

Achemwali, mwafunsa za apongozi anu a ku Highfield mu mzinda wa Harare, a zaka 79, amene akhala akudzikanda miyendo ndi msana kwa miyezi itatu mpaka kulephera kugona usiku, ngakhale kuti pakhungu pawo sipakuoneka zidzolo. Ine ndinasamalira bambo anga kuno ku Mufakose, mu Harare momwemu, pa vuto lomweli, choncho ndikuyankhani molingana ndi zimene ndinaona.

Munthu akakalamba, khungu lake limapyapyala ndipo silitulutsanso mafuta okwanira, motero limauma msanga, makamaka kuno ku Harare kumene kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umakhala wozizira ndiponso wouma kwambiri. Bambo anga ankakonda madzi owotcha, sopo wochapira zovala ndi mwala wodzikhulira, ndipo akamva kuyabwa ankasamba kawiri poganiza kuti ndi litsiro, osadziwa kuti akuwonjezera vutolo. Ndikawavula masokosi, timamba toyera ngati gaga tinkagwera pansi, ndipo pamisongolo pawo panali ming'alu ngati dothi la kudambo m'chilimwe. Ngati apongozi anu akuoneka chonchi, yambirani pa kasambidwe. Madzi akhale ofunda chabe, kusamba kusapitirire mphindi 10, mwala ndi chinkhupule zichoke, ndipo m'malo mwa sopo agwiritse ntchito mafuta ofewetsa khungu otchedwa aqueous cream, amene amagulitsidwa m'mafamase. Powapukuta, muzingogunditsa thaulo osakhula, kenako muwadzoze Vaseline khungu lidakali lonyowa pang'ono, chifukwa mafutawo amatsekera chinyezi mkati. Muziwadzoza m'mawa ndi madzulo, ndipo msana musauiwale, popeza okha sangaufikire. Muwawengenso zikhadabo, ndipo juzi kapena bulangete laubweya lisakhudze khungu popanda nsalu ya thonje pansi pake.

Komabe, musanakhulupirire kuti ndi kuuma kokha, yang'anani pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno, ndipo funsani ngati adzukulu amene amagona nawo akudzikandanso. Zikakhala choncho, n'kutheka kuti ndi mphere, ndipo Vaseline sachiza mphere. Pamafunika mankhwala odzola monga benzyl benzoate, onse a m'nyumbamo adzole tsiku limodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha. Kuyabwa kumatha kupitirira kwa milungu ingapo ngakhale tizilombo titafa.

Ndaona kuti ena akulangizani kuti muziwapatsa Piriton usiku uliwonse, ndipo pamenepa sindikugwirizana nawo. Kwa munthu wokalamba mapiritsi amenewa amabweretsa chizungulire ndi kusokonezeka maganizo, ndipo bambo anga anagwa pakhomo la chimbudzi m'bandakucha atamwa limodzi lokha. Chenjeraninso ndi timachubu ta mafuta amphamvu togulitsidwa m'mbali mwa misewu, tomwe ena amayeretsera nkhope, chifukwa timaziziritsa kuyabwa masiku ochepa koma timapyapyaza khungu limene ndi lopyapyala kale.

Mfundo imene ndikuiona yaikulu ndi ya miyezi itatu imene mwatchulayo. Kuyabwa kopitirira milungu 6, popanda zidzolo, nthawi zina kumachokera mkati mwa thupi, monga ku matenda a shuga, a impso, a chiwindi kapena kuchepa kwa magazi, ndipo mankhwala ena a BP nawonso amayabwitsa. Choncho, pamene mukusintha kasambidwe, pitani nawo kukiliniki ya khonsolo imene muli nayo pafupi, mukapemphe kuti awayeze magazi, ndipo pakafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa. Ngati maso awo achita chikasu, mkodzo wada, mapazi atupa, akuwonda, kapena pamene akandapo payamba kutuluka mafinya, musadikire mpaka mlungu wamawa. Popita, mutenge mapaketi onse a mankhwala amene amamwa, ngakhale azitsamba amene mwina amabisa pansi pa pilo, kuti anamwino akawaone ndi maso awo, ndipo musawasiyitse a BP musanamve kwa dokotala.