Achemwali, oimba foni aja musawatumizire ndalama

Achemwali, ndauwerenga uthenga wanu. Mwati buku lanu la nkhani zazifupi munaliika pa Amazon chaka chatha, ndiye sabata ino wakuimbirani bambo wina pa nambala yoyamba ndi +1, ngati za ku America. Akuti kampani yawo yalikonda bukulo, ikalionetsa ku chionetsero cha mabuku ku Frankfurt, komanso a Netflix akufuna kupangapo filimu, bola mulipire madola 800 Lachisanu lisanakwane. Ndiye mukufunsa ngati n'kwanzeru kukongola ku banki mkhonde kuti mwayiwu usakupitirireni.

Musakongole ayi, ndipo musawatumizire ngakhale tambala.

Poyamba onani kumene ndalama ikulowera. Wosindikiza mabuku weniweni akalikonda buku lanu, iye ndiye amatulutsa ndalama: amalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi makina osindikizira, inu n'kumalandira gawo lanu pa buku lililonse logulidwa. Ejenti wa alembi nayenso salandira kanthu mpaka atakugulitsirani buku, ndipo ku America ndi ku Britain kawirikawiri amadulapo 15 peresenti pa zomwe mwapeza. Anthu amenewa amadya bukulo likayenda. Koma amene wakuimbiraniyu adyeratu Lachisanu, buku ligulidwe kapena lisagulidwe. Kasitomala wake si owerenga, ndi inuyo. Ndiye atuluke thukuta chifukwa chiyani pokugulitsirani buku?

Mwina mukudabwa kuti nambala yanu aipeza bwanji, mwina mpaka mukuona ngati umenewu ndi umboni woti anakufufuzani chifukwa cha luso lanu. Tonse tikatulutsa buku timalengeza pa Facebook, ndi nambala ya WhatsApp pansi pake kuti ogula atipeze. Iwo amangotola maina a mabuku atsopano pa Amazon n'kusaka eni ake. Nambala ya +1 isakunamizeni, imagulidwa pa intaneti munthu ali dziko lililonse. Ndipo ngati anakutumizirani kalata yoyamikira bukulo mokoma, dziwani kuti masiku ano makalata otere amalembedwa ndi kompyuta, pongotengera mawu achidule aja munalemba pansi pa chikuto. Akaimbanso tawafunsani kuti nkhani yachitatu m'bukumo ikutha bwanji, mumve momwe azungulirire.

Za Frankfurt zili ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake zimakola anthu. Chionetserocho chilipodi, chimachitika mwezi wa Okutobala chaka chilichonse ku Germany, ndipo n'chachikulu kwambiri. Koma kumeneko makampani amapita atapangana kale nthawi yokumana, kukagulitsana ufulu womasulira ndi kusindikiza mabuku. Palibe bwana amene amayendayenda m'mashelefu kusaka mlembi wosadziwika. Choncho ngakhale oimba foniwa atasunga lonjezo, chomwe mungapeze ndi chithunzi cha buku lanu litatsamira pashelefu pakati pa mabuku ena ambirimbiri a anthu amene analipira ngati inu. Chithunzi cha madola 800! Ndalama imeneyo ikupitirira K1 miliyoni ngakhale pa mtengo wa kubanki, ndiye nonse mukudziwa kuti madolawo kubanki sapezeka wamba, mukawagula kwa mavenda mtengo wake ndi wina.

Zafilimuzo ndiye bodza lamkunkhuniza. Wopanga filimu akafuna nkhani yanu amakulipirani inuyo kuti aisungitse kwa nthawi yakuti, ndipo wolemba sewero lake amamulipira yekha. Akathyaliwa amatembenuza zinthu. Mukalipira 800 ija, pakatha milungu ingapo amaimbanso mosangalala kuti mabwana avomera, koma pakufunika kuti bukulo lilembedwe ngati sewero, mtengo wake wakuti. Kenako kafilimu kakafupi kotsatsira. Kenako loya, inshuwalansi, msonkho. Nthawi zina amakulumikizani ndi munthu wachiwiri amene amadzitcha bwana wa kampani ya mafilimu, chonsecho akhala chipinda chimodzi. Munthu ukalipira kawiri zimavuta kusiya, chifukwa kusiya n'kuvomereza kuti zoyamba zija zapita.

Izi si nkhambakamwa. Mu Januwale 2025 boma la America linalengeza kuti likuimba mlandu anthu atatu okhudzana ndi kampani yotchedwa PageTurner Press and Media. Malinga ndi oimba mlanduwo, kuyambira 2017 mpaka 2024 kampaniyi inatolera pafupifupi madola 44 miliyoni kwa alembi oposa 800, ambiri mwa iwo okalamba, powalonjeza kuti mabuku awo atengedwa ndi makampani akuluakulu osindikiza ndi opanga mafilimu. Adiresi inali ya ku California, koma mafoni ankaimbidwa kuchokera ku Philippines. Ngati anthu okhala ku America komweko, kumene apolisi akanatha kuwathandiza, anaberedwa chonchi, nanga ife a ku Ndirande ndi ku Chilomoni tikadandaula kwa yani? Kwa ine awa ndi abale ake a uja amatumiza uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kungoti awa avala taye.

Pali tsamba lotchedwa Writer Beware, loyendetsedwa ndi mayi Victoria Strauss, lomwe lakhala likutsata akathyali a mtunduwu kuyambira 1998. Lembani dzina la kampaniyo pa Google pamodzi ndi mawu akuti Writer Beware muone chomwe chituluke. Dzina likapanda kupezeka musati ndiye kuti ndi abwino, chifukwa amasintha maina pafupipafupi, ndipo ena amaba dzina ndi chizindikiro cha kampani yeniyeni. Yang'anitsitsani adiresi ya imelo chilembo ndi chilembo. Ambiri amaika mawu akuti Amazon m'dzina lawo kuti muziyesa ndi nthambi yake, pomwe kuika buku pa KDP, njira ya Amazon yodzisindikizira wekha mabuku, n'kwaulere ndipo Amazon siimbira alembi foni kuwatsatsa zoterezi. Pasiwedi ya akaunti yanu ya KDP, kapena kanambala kotsimikizira kamene kamabwera pafoni, musapatse munthu aliyense, ngakhale atati akufuna kukukonzerani tsamba. Akalowamo angathe kusintha kolandirira ndalama zanu.

Ndisanamizire kuti aliyense wolipiritsa mlembi ndi wakuba. Ukasindikiza wekha umalipiradi mkonzi, wojambula chikuto ndi osindikiza. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewa umawafuna ndiwe, mumagwirizana mtengo, ntchito umaiona ndi maso, ndipo ikalakwika umadziwa khomo loti ukagogode. Salonjeza kutchuka, ndipo sakupatsa malire a Lachisanu. Changu chimenechi amachiikira dala kuti musapeze mpata wofunsa anzanu monga mwachitiramu.

Komanso tinene zoona, achemwali, owerenga nkhani zanu ali kuno. Ndi Amalawi angati amagula mabuku pa Amazon, makhadi a kubanki akuchita kuvuta chonchi pa zogula zakunja? Mukanakhala kuti ndalamayo muli nayo yanuyanu, osati yangongole, ndikanati musindikize makope ochepa konkuno ku Blantyre, muyambe ndi 100 kapena 200 muone momwe ayendere. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limati tizipereka kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno. Kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo dziwanani ndi anzanu a ku Malawi Writers Union, amene angakuuzeni osindikiza omwe amasunga nthawi ndi omwe amangokuzengerezani. Kenako yendani nalo bukulo: kafunseni ku CLAIM Mabuku ngati angalandire makope angapo, lankhulani ndi aphunzitsi a m'masukulu a sekondale, pemphani mpata pa pulogalamu ya zolembalemba pawailesi, konzani kamwambo kokhazikitsa buku muitane a kumpingo ndi a kuntchito. N'zotopetsa, ndipo phindu lake limabwera pang'onopang'ono pa Airtel Money ndi Mpamba, koma ngongole ya banki mkhonde simukhala nayo.

Bamboyo akaimbanso simukufunika kukangana naye, anthuwa anaphunzitsidwa kuyankha chilichonse. Ingonenani kuti simukufuna, dulani foni, tsekani nambalayo. Dzina la kampaniyo mutiuze m'gulu muno kuti ena achenjere, poti akapeza mmodzi amayesanso anzake.

Ndipo ngati alipo wina muno amene analipira kale koma akuchita manyazi kunena, asawonjezerenso ina. Asunge mauthenga onse ndi malisiti, athamangire kubanki yake ngati analipira ndi khadi, chifukwa nthawi zina ndalama imatheka kubwezedwa ukafulumira, ndipo akanene kupolisi ku nthambi ya Fiscal. Achenjerenso ndi foni yotsatira, ya munthu wodzitcha loya kapena wapolisi wakunja amene akuti angathe kubweza ndalama zobedwazo atapatsidwa kangachepe. Kawirikawiri amakhala anthu omwewo, kapena anzawo amene agula mndandanda wa maina a anthu omwe analipirapo.