Yankho: Kodi ku Ekwendeni nkotani?

Achemwali, mwati akutumizani kukagwira ntchito ku Ekwendeni ndipo mukufuna kudziwa ngati kuli anthu ambiri komanso khalidwe lawo. Ine ndimakhala kuno ku Mzuzu, Ekwendeni ndi pafupi, makilomita ngati 20 pa msewu wa M1 wopita ku Karonga.

Musayembekezere chipwirikiti cha m'tauni. Mzuzu inali ndi anthu 221,272 pa kalembera wa 2018, pomwe Ekwendeni ndi kamsika kozunguliridwa ndi midzi, m'boma la Mzimba. Chimene chimakokera anthu kumeneko ndi mishoni yomwe inayamba mu 1889, yomwe pano ili pansi pa CCAP Sinodi ya Livingstonia: chipatala, sukulu ya anamwino, ndi nthambi ya yunivesite ya Livingstonia. Mukangopatuka pang'ono, ndi minda ya chimanga ndi fodya basi.

Dera ndi la Angoni a Inkosi Mtwalo, koma chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ndi Chitumbuka. Chichewa amamva ndithu, komabe phunzirani "monire" (moni) ndi "yewo" (zikomo) musananyamuke. Kudutsa munthu wamkulu osampatsa moni, mawa mudzi wonse wadziwa kale kuti mlendo uja ngwamwano.

Chimene chimadabwitsa ife a kuchigawo chapakati ndi ukwati. Kulibe chikamwini kumeneko. Mwamuna amapereka lobola, kawirikawiri ng'ombe kapena ndalama za mtengo wake, mkazi nkupita kwa mwamuna, ana nkukhala a kuchimuna. Ndiye pa nkhani ya malo kapena maliro, musafunse za amalume, funsani abambo ndi abale awo.

Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, juzi ndi bulangeti musasiye.